Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa

Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Madzi akamapezeka tsiku ndi tsiku, wotunga saganizira amene anakumba. Mwambiwu ukundikumbutsa wantchito wina wa kuno ku Kafue amene mabwana amangomutcha "wa makompyuta", pomwe ntchito yake yeniyeni ndi ya systems analyst.

Tauni yathu inakula ndi mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia itayamba kupanga feteleza mu 1970, ndipo Kafue Textiles ikuluka nsalu, aliyense ankadziwa kuti wofunika pantchito ndani: wokonza makina, woyang'anira boila, wa magetsi. Ankaoneka ndi ovolosi ya mafuta, ndipo mabungwe a antchito ankawalankhulira. Lero fakitale imayendanso ndi zinthu zosaoneka. Malipiro, katundu wa m'sitolo, ndalama za NAPSA ndi NHIMA, ngakhale Smart Invoice imene ZRA inakhazikitsa mu 2024, zonsezi zimadutsa m'sisitimu. Munthu amene amakhala pansi ndi akauntanti, ndi wa kusitolo, ndi woyendetsa makina, kumvetsa mmene aliyense amagwirira ntchito kenako n'kukonza dongosolo loti kompyuta izitsatira, ndiye systems analyst.

Ntchito yake ikayenda bwino, palibe chimene chimachitika, ndipo tsoka lake lagona pomwepo. Bwana amaona munthu wakhala phee patebulo n'kuyamba kudzifunsa kuti akumulipiriranji. Ndiye amamutuma kukonza printa, kukoka mawaya, kutsegula foni ya mwana wa bwana. Zimandiwawa kuona luntha lotere likumwazidwa chonchi.

Chilala cha 2024 chinaphwetsa chitsimecho pamaso pa tonse. Madzi atachepa ku Kariba ndi mumtsinje wa Kafue, magetsi ankazima nthawi yaitali, ngakhale kuno kufupi ndi malo opangira magetsi a Kafue Gorge. Seva ikazima mwadzidzidzi, zolembedwa zimatha kuonongeka. Amene ankaimbiridwa foni pakati pa usiku kuti "sisitimu yagwa, bwerani" ndi yemweyu. Kodi maola amenewo analembedwa penapake?

Lamulo silinakhale chete. Employment Code Act ya 2019 imati wantchito akapitirira maola 48 pa sabata alipidwe ovataimu, malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ndipo kawiri pa tsiku la tchuthi. Wa kontirakiti yopitirira chaka ayenera kulandira gratuity yosachepera 25 peresenti ya malipiro ake oyambira. Lamulo lina la 2018 limafuna kuti akatswiri a ICT alembetse ku bungwe la ICTAZ ndi kukhala ndi chiphaso. Ngati dziko likumuona ngati katswiri, ofesi isamulipire ngati wothandizira.

Nanunso anyamata ndi atsikana a ntchitoyi, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Musasaine pepala losatchula maola, za kuitanidwa usiku, ndi amene adzalipire chiphaso chanu. Lembani ola lililonse limene mwagwira kunja kwa nthawi.

Lusaka ili pamtunda wa makilomita osakwana 50, ndipo mabanki ndi makampani a mafoni kumeneko amafuna anthu otere. Intaneti yatsegulanso khomo logwirira ntchito makampani akunja munthu ali m'nyumba mwake ku Kafue Estates. Systems analyst akachoka amapita ndi zonse zimene zili m'mutu mwake, ndipo wobwera kumene amatha miyezi akufufuza poyambira. Mabwana a ku Kafue, tsegulani kontirakiti ya munthu ameneyu mwezi uno, muikonze asanakupatseni kalata yotsanzika.