Passo kapena Boon? Tisamagule baji, tizigula galimoto

Nditapita kwathu ku Nkope pa holide yapitayi, ndinapeza mkangano pakhonde. Msuweni wanga, yemwe wangoyamba kumene uphunzitsi, anali atatenga ngongole yogulira galimoto. Munthu wina pa Mangochi Boma anamuonetsa magalimoto awiri a chaka chimodzi: Toyota Passo ndi Daihatsu Boon. Boon inali yotsikirapo mtengo, koma iye anakanitsitsa. "Ine ndikufuna Toyota, zinazi masipeya ake ndikawapeza kuti?" Amalume nawo anagwedeza mutu kuvomereza.

Anzanga, apa m'pamene ambirife timataya ndalama. Passo ndi Boon ndi galimoto imodzi. Inatuluka mu 2004 ku Japan, Toyota ndi Daihatsu atagwirizana, ndipo amene ankaipanga ndi a Daihatsu. Zotuluka mufakitale zina ankazimata baji ya Toyota, zina ya Daihatsu. Ku Ulaya galimoto yomweyi inagulitsidwa ngati Daihatsu Sirion komanso Subaru Justy, ndipo ku Malaysia inabala Perodua Myvi mu 2005. Palibe chodabwitsa: Toyota inali kale ndi gawo lalikulu mu Daihatsu kuyambira 1998, n'kudzaitenga yonse mu 2016.

Tsegulani boneti muone. Zambiri zimene zimayenda m'misewu yathu zili ndi injini ya 1KR-FE, ya masilinda atatu, 996cc. Zina zili ndi ya 1.3. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 3.6. Zoyambirira zinali ndi giyabokosi ya otomatiki ya magiya anayi, ndipo mtundu wachiwiri wa 2010 unabwera ndi CVT. Mtundu wachitatu wa 2016 unangotsala ndi injini ya 1.0, ndipo nambala ya chesisi imaulula chinsinsi chonse: Passo ndi M700A, Boon ndi M700S. Passo anasiya kuipanga mu 2023. Choncho fyuluta, mapulagi ndi mabuleki a Passo amalowa pa Boon ya mtundu womwewo ndi injini yomweyo. Mantha a msuweni wanga a masipeya analibe maziko.

Ndisaname, mbali ina akunena zoona. Ku Malawi kuno dzina la Toyota limagulitsa. Tsiku lodzafuna kuigulitsa, wa Passo adzapeza wogula msanga kuposa wa Boon, chifukwa wogulayo nayenso amakhulupirira baji. Koma ngati mukufuna galimoto yoti ikutumikireni zaka zisanu pakati pa Nkope, Monkey Bay ndi pa Boma, mulipiriranji ndalama yoonjezera pa ngongole yobweza ndi chiwongoladzanja? Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera. Ndalama yosiyanayo ingakugulireni matayala kapena inshuwalansi.

Mafunso ofunika ndi ena. Ndi ya chaka chanji? Injini ndi ya ma cc angati, poti msonkho wa MRA umatengera zimenezi kwa oitanitsa kudzera ku Dar es Salaam ndi Songwe? Ngati ili ya CVT, mwini wake ankathira mafuta oyenera? CVT ili ndi mafuta akeake, ndipo mukathira a otomatiki wamba mwaipha pang'onopang'ono. Pansi pake pali dzimbiri? Awa ndi mafunso amene baji singakuyankheni.

Komanso tivomereze kuti kagalimotoka anakapangira misewu ya m'tauni ya ku Japan. Ndi kotsika, ndi kopepuka. Kamamwa petulo pang'ono, n'chifukwa chake timakakonda pa nthawi ya mizere pa mafilingi. Koma mukakasenzetsa anthu asanu ndi awiri ndi matumba a usipa, n'kukalowetsa mumchenga wa kudooko, mashoko ndi giyabokosi zidzalira, kaya kutsogolo kwalembedwa Toyota kaya Daihatsu.

Ife amene tadutsa m'makalasi a kukoleji timanyadira kuti timafunsa tisanakhulupirire. Tiyeni tichite chimodzimodzi pogula galimoto yoyamba. Werengani kachitsulo ka nambala ya chesisi, tengani makaniko wodalirika, mugwade muone pansi. Safunsa anadya phula.

Msuweni wanga anagulabe Passo. Sabata yatha anakagula fyuluta ya oyilo pa Boma, ndipo pakabokosi pake panalembedwa mayina onse awiri.