Mbale za mu sinki sizidzitsuka zokha



Acinyamata athu ambiri manje afuna kukatumikira kunja monga odzipereka, ndipo malo alikodi. Ku Lee Abbey, m'mbali mwa nyanja ku Devon, ku England, acinyamata a m'maiko osiyanasiyana amakhala pamodzi n'kumasamalira alendo. Pa cisumbu ca Iona ku Scotland, pamene Columba anafika m'caka ca 563, odzipereka amaphika, kucapa ndi kuyeretsa zipinda. Ku Camphill, imene Karl König ndi anzake anayambitsa pafupi ndi Aberdeen, odzipereka amakhala nyumba imodzi ndi anthu olumala. Viza ya Charity Worker ya ku Britain sipitirira miyezi 12, ndipo si ya nchito ya malipilo.

Koma mwana akamanyamuka, ife makolo timaganiza ciani? Pasipoti, tikiti, jekete ya mphepo, basi. Ine nikuti cimene cidzamuyesa kwambiri ndi khichini.

M'nyumba zotere mumakhala pepala la magawo: uyu aphika Lolemba, uyu akolopa ku bafa, uyu ataya zinyalala. Mkaka wa mu firiji uli ndi mwini wake. Nsima kulibe, koma mbatatesi ndi buledi. Mu December ku Scotland dzuwa limalowa isanakwane 16 koloko, ndipo mtima umangofuna kwanu. Ndiye pomwepo upeza poto wa dzulo akali mu sinki, mwini wake ali pa foni. Walira mvula walira matope.

Ena adzati, "Aa, izo n'zazing'ono, mwana apita kukathandiza anthu." Iyai. Ungamwetulire alendo tsiku lonse, koma amene akudziwa bwino ni mnzako wa cipinda cimodzi. Anthu akale anaciona ici. Malamulo amene Benedict Woyera analembera amonke ali ndi mutu wathunthu, wa 35, wonena za kusinthana nchito ya m'khichini sabata ndi sabata, ndipo amamasula cabe odwala ndi amene atangwanika ndi nchito ina yofunika ya nyumbayo. Anadziwa kuti mtendere wa pagulu umayamba kusweka pamene mmodzi aganiza kuti tsache si lake.

Apa nilankhule ndi inu atate ndi amai. Mnyamata amene timamulera alongo ake akumutsukira mbale, tikumukonzera manyazi. Kumeneko kulibe mlongo wake. Akalumpha gawo lake kawiri, anzake sadzakamba kuti ni mwambo wa kwao. Adzati ni waulesi. Mphunzitseni kuphika ndi kucapa akali pano.

Kwa inu amene mupita, cina n'ici. Ife tinazolowera kuti mnzathu akatilakwira timakhala cete, cifukwa ca ulemu. Koma munthu wa ku dziko lina sangamve cete wanu. Muuzeni mofatsa tsiku lomwelo, nkhani ikali ing'ono. Naye akakuuzani pamaso kuti simunakolope bwino, musamuyese mdani. Akakudutsani osapereka moni, yambani ndinu. Tsiku lina muwaphikire nsima, olo ya ufa wodula, mudye pamodzi.

Pa Yohane 13 timawerenga kuti Ambuye anasambitsa mapazi a anthu amene anali kudya nao tsiku ndi tsiku. Kutumikira kumayambira pa amene muli nao pafupi. Ndiye musadikire ndeke. Lero madzulo mukatha kudya, imani mutenge mbale.

Mulungu akudalitseni.