Monita ingakhale TV yanu, koma yambani kuona kumbuyo kwake

Mwezi ukatha, pitani ku Kamwala kapena mu Cairo Road muone mmene anthu amaimila pa mawindo ya mashopu, maso ali pa ma TV yakulu-yakulu. Ena amatenga pa nkhongole ya ku nchito, ena amafika mpaka kwa ba kaloba. TV ifika pa nyumba, ma neba abwela kuona, koma pa 5 ba landlord akagogoda, munthu acepetsa saundi na kukhala zii monga palibe. Sabata ino tikambe za njila ina yotambila bola na mafilimu mu ka one room kanu popanda nkhongole: monita ya kompyuta na kabokosi.

Mamonita ya second hand yalipo yambili. Ma office yakasintha makompyuta, ma internet cafe yakatseka cifukwa aliyense manje ali na intaneti pa foni, mamonita yaja yamathela kwa okonza makompyuta ku Town Centre na City Market. Yena yangogona pansi pa bedi kwa amalume. Monita na TV ni pacibale. TV ipambana pa zinthu zitatu: ili na tuner yogwila masiteshoni, ili na masipika, ili na rimoti. Koma kucokela pamene Zambia inasamukila ku digital, ambili titamba kupitila mu dikoda ya TopStar, GOtv kapena DStv. Dikoda ndiye igwila siteshoni, na rimoti imene mumalimbilana na bana ni ya dikoda. TV yodula ija nchito yake yatsala kuonetsa cithunzi na kutulutsa mau. Cithunzi monita ikwanitsa bwino-bwino, mau tiyapezela njila.

Kabokosi kangakhale dikoda yomweyo, Android TV box, ka stick monga Chromecast kapena Fire TV, olo ka media player wamba koliza mafilimu ya pa flash. Tonse utu titulutsa cithunzi pa HDMI. Ndiye cifukwa cake ogulitsa akayamba kukupukutilani gilasi ya monita kuti iwale, imwe itembenuzeni muone maboo ya kumbuyo. Ndalama zanu zipulumukila kumeneko.

Mukapeza HDMI, kaboo kopyapyala kofanana na USB koma kodulidwa m'makona, mwawina. Nthambo imodzi cabe, basi. Mukapeza DVI, coyela-yela cokhala na tumaboo tambili, palibe vuto: gulani nthambo ya HDMI uku, DVI uku. Cithunzi cidzabwela coyela, koma nthawi zambili mau sapita. Vuto ili pa VGA, cija ca blue ca maboo 15 na tumasikulu tuwili. VGA ni ya kale, sikamba cinenelo ca HDMI, ndiye ifuna konveta yokhala na chip mkati. Apa ambili amataya ndalama. Konveta ya HDMI to VGA na ya VGA to HDMI zioneka monga mapasa, koma iliyonse iyenda njila imodzi cabe. Imwe mufuna HDMI to VGA. Sankhani yokhala na kaboo ka mahedifoni na kena koloŵetsela malaiti ya USB. Dziŵaninso kuti Netflix na madikoda yena yali na loko ya cithunzi yochedwa HDCP. Monita kapena konveta ikalephela kugwilizana na loko iyi, mudzamva mau koma gilasi ili bii. Ngati dikoda yanu ni ija ya kale ya nthambo zitatu, yellow, red na white, pafunika konveta ina ya AV to VGA, ndipo cithunzi cake sicikhala cakuthwa.

Manje za saundi. Mamonita yambili yalibe masipika, ndipo yamene yali nayo yamalila monga foni ili m'thumba. Mau yatengeni ku kabokosi. Ma Android box yambili yali na kaboo kolembedwa AV, madikoda yali na red na white. Pelekani ku home theatre, ku ka subwoofer, olo ku wailesi ya AUX. Bluetooth isebenza, koma nthawi zina mau yacedwa pang'ono: bola yaloŵa kale mu golo, commentator akali kukuwa kuti “shoot”. Ma stick yambili yalibe kaboo ka mau, ndiye ngati monita yanu ilibe potulutsila saundi, ganizani kaŵili musanagule stick.

Mwalumikiza zonse, monita yalemba “Out of Range” kapena “Input Not Supported”. Musathamange kukatukana ogulitsa. Kabokosi katumiza cithunzi cikulu kupambana cimene monita ikwanitsa. Pemphani ba neba TV yao kwa mphindi zisanu, loŵani mu settings, ikani 720p pa 60Hz, bwelelani kwanu. Madikoda ya kuno yakonda 50Hz, imene mamonita yena ya kale yakana, ndiye dikoda ni yofunika kuiyesa pa monita musanalipile. Mamonita ya square ya 17 na 19 inch, ya 1280 x 1024, yasiyeni ngati mungakwanitse. Yamakoka cithunzi mpaka osewela bola onse aoneka atali monga mapolo ya Zesco. Funani yotambalala ya 22 kapena 24 inch, ya 1920 x 1080.

Kumbukilani kuti monita inapangidwila munthu mmodzi wokhala pa desiki. Yambili yochipa, mukaitamba kucokela pansi kapena cam'mbali, cithunzi cida. Ngati bana atambila pa mphasa, njutani pansi m'shopu momwemo muone mmene cionekela, ndipo pa nyumba muipendamitse pang'ono kutsogolo. Mu room imene bedi ili mamita aŵili kucokela ku khoma, 22 inch ikwana. Ngati muli banja la anthu eight pa sitting room, osadzinamiza, mufuna TV.

Pa nkhani ya malaiti monita ili na mphamvu. Mu 2024, madzi atacepa mu Kariba, tonse tinaona mmene malaiti yanali kupitila tsiku lonse. Monita ya LED ya 22 inch idya pafupi-fupi ma watt 20 mpaka 25, kabokosi sikafika na pa 10. Zonse pamodzi siziposa bulb ya kale ya 60 watt, ndiye ka inverter kang'ono kangakufikitseni ku mapeto ya match. Mamonita ya kale yonenepa yadya kupitilila apo, ŵelengani sticker ya kumbuyo. Yena yali na adaputa ya panja ya 12V, 14V kapena 19V. Osalola ba “engineer” ba mu komboni kudula nthambo na kugwilitsa pa battery ya motoka mongoyesa. Volteji ikalakwika, monita ipsa pomwepo. Gulaninso adaputa yoteteza, kaili malaiti yakabwela na mphamvu ndiye pamene zinthu zipsa.

Android box ili na mimba yake: ma bundle. Netflix pa HD ingadye mpaka 3GB pa ola limodzi, pa cithunzi wamba pafupi-fupi 1GB. Kaya muli pa MTN, Airtel kapena Zamtel, tsitsani cithunzi pa 480p kapena 720p. Pa gilasi ya 22 inch kusiyana sikuŵaŵa maso. Ngati mutamba za pa flash ndipo filimu yaikulu ikana kuloŵa pamene malo yalipo, flash ili pa FAT32, imene silola file yopitilila 4GB. Cenjelani na tumabokosi tochipa tolembedwa 8K na ma GB yambili pa katoni. Manambala yaja nthawi zambili ni ya boza, ndipo twina tinapezeka na ma virus kucokela ku fakitale. Osaikamo email yanu ya nchito kapena password ya ku banki. Uja wokulonjezani ma channel yonse ya bola mahala mpaka muyaya, mufunseni kuti mudzam'peza kuti tsiku la final cithunzi cikaima.

Tsiku logula, nyamulani kabokosi kanu na nthambo zake. Lumikizani pamaso pa ogulitsa, siyani iyake mphindi khumi. Onani cithunzi coyela na cakuda kuti mizele na tumadontho tuonekele. Monita imene izima-zima ikatentha, kapena icedwa kuyaka, ili pafupi kufa. Pemphani lisiti, mugwilizane masiku yobweza. Wokana kuti muyese, musiyileni katundu wake.

Musanatulutse ngwee iliyonse, tengani pepa mulembe: monita, kabokosi, konveta, masipika, nthambo. Phatikizani, ndiye mufunse mtengo wa TV yatsopano ya 32 inch yokhala na warranty. Ngati monita muli nayo kale, kapena mwapeza ya HDMI pa mtengo wabwino ndipo ka subwoofer kalipo pa nyumba, mwapulumutsa ndalama ya lendi na ya unga. Ngati ni ya VGA cabe, zonse mugula zatsopano, ndipo kusiyana kwatsala kang'ono, sungani ndalama zanu, yembekezani turn yanu ya cilimba mukagule TV ya cash.