Lamya yasanduka nkhokwe: tisankhe bwino zoikamo

Mlimi wa ku Sasare akamanga nkhokwe amaikweza pa miyala, naimata bwino kuti ciswe ndi makoswe zisapeze polowera. Koma masiku ano gawo lina la cuma ca pakhomo silikhalanso m'nkhokwe, likhala m'thumba la malaya. Uthenga wa fataleza ufika pa lamya. Ndalama za cimanga, nshawa ndi thonje zifika pa lamya. Mwana wa ku Lusaka kapena ku Migodi akafuna kutumiza ya cigayo ndi ya mankhwala, atumiza pa lamya pomwepo.

Cimene cikutidabwitsa ndi ici: nkhokwe timaiyang'anira usana ndi usiku, koma lamya timaipereka kwa mnyamata aliyense wa pamsika wa Petauke kapena Nyimba kuti atiikiremo zinthu. Pobwerera kumudzi lamya yadzala ndi timapulogalamu makumi atatu, timene acinyamata amaticha ma app, ndipo mwini lamya sadziwa nchito ya theka la ito. Lero tifuna tione pamodzi kuti toyenera kuika ndi titi, ndipo tidzatizindikira bwanji.

Cifukwa cake nkhaniyi yakula

Nchito yopatsa alimi fataleza wotsika mtengo inayamba m'caka ca 2002, ndipo mu 2009 inapatsidwa dzina la FISP limene tonse tidziwa. Kwa zaka zambiri cinali kungofunika ndi dzina lanu m'buku la kopaletivu ndi citupa canu. M'nyengo ya 2015/2016 boma linayesa njira ya e-voucher m'maboma 13. Njirayi inayenda modzandira, nthawi zina kufalikira, nthawi zina kubwerera m'mbuyo, kufikira pamene m'nyengo ya 2024/2025 inafika m'maboma 74, ndipo ya 2025/2026 boma linalengeza kuti ifike m'maboma onse 116. M'njira imeneyi dzina la mlimi, nambala ya citupa ndi nambala ya lamya zimalembedwa m'kaundula wa unduna wa zamalimidwe wochedwa ZIAMIS. Mlimi akapereka K400 yake, amadikira uthenga wa pa lamya umene amapita nao kwa wogulitsa zipangizo zaulimi. Motero nambala ya lamya yakhala mfungulo ya fataleza wa alimi oposa miliyoni imodzi.

Ku mbali ya malonda n'cimodzimodzi. M'caka ca 2025 bungwe la FRA linagula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K340. Mlimi wogulitsa matumba 30 anali kuyembekeza K10,200, thukuta la caka conse, ndipo ndalama zotere masiku ano zimadzera ku banki kapena pa lamya. Kafukufuku wa FinScope anaonetsa kuti mu 2015 anthu akuluakulu 14 cabe mwa 100 alionse ndiwo anali kusunga ndi kutumiza ndalama pa lamya, koma pofika 2020 anali ataposa theka. Cinthu cimene casenza katundu wotere sitingacitenge ngati coseweretsa ana.

Zaulere zili ndi mtengo wake

Ambiri timaganiza kuti popeza timapulogalamuti n'taulere, palibe cimene titaya tikaika tambiri. Si zoona. Coyamba, kalikonse kamadya malo, ndipo malamya otsika mtengo amene ambiri tingakwanitse kugula ali ndi malo ocepa. Akadzala amayamba kucedwa, kuzima okha, mwina kukana kulandira mauthenga atsopano. Caciwiri, timapulogalamu tambiri timagwira nchito mwakacetecete ngakhale lamya ili m'thumba: timakoka zithunzi za malonda, timadzikonzanso tokha, ndipo zonsezi zimatha bandulo imene munagula kuti mulankhule ndi ana. Cacitatu, timatha batire, pamene kumudzi kuchaja ndi kwa kasola ka pa denga kapena kolipira pa golosale. Cacinayi, comwe ndico coopsa, tina timatenga zinsinsi za m'lamya n'kupita nazo kwa anthu amene simudzawaona nkhope.

Akulu anati ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Anthu a ku Sasare, kumene golide anayamba kukumbidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, adziwa kuti wosefa amataya mcenga wambiri kuti atsale ndi kambewu kamodzi. Kusankha zoika m'lamya kufuna mtima womwewo. Tikupempha kuti musanavomere kalikonse, mufunse mafunso anayi awa.

Kadzandigwirira nchito yanji?

Ngati simungayankhe ndi mau ocepa, kasiyeni. Nchito zenizeni za mlimi pa lamya n'zowerengeka: kulankhula ndi abale ndi a kopaletivu, kulandira ndi kutumiza ndalama, kudziwa mitengo ya mbewu, kumva za mvula, ndi kufunsa za matenda a mbewu ndi ziweto. Dziwani kuti zingapo mwa izi sizifuna pulogalamu yoonjezera ngakhale pang'ono. Airtel Money, MTN MoMo ndi Zamtel Kwacha zimagwira nchito pa kalamya ka mabatani pongodinda nyenyezi ndi manambala, popanda intaneti. Uthenga wa fataleza nawo ndi uthenga wamba. M'zaka za m'ma 2000 bungwe la alimi la ZNFU linali kutumiza kale mitengo ya mbewu kwa alimi olembera ku nambala 4455, ma app asanamveke n'komwe kuno. Wailesi ndi toci zilimo kale m'malamya ambiri. Munthu akakuuzani kuti popanda pulogalamu yakuti simudzalandira fataleza, kafunseni kwa alangizi a zamalimidwe a m'kampu yanu musanacite kanthu.

Mwini wake ndani, ndipo kacokera kuti?

Palibe amene amabyala mbewu ya m'thumba lopanda dzina m'munda wonse. Pulogalamu yabwino imatengedwa ku Play Store, ndipo dzina la kampani kapena bungwe loipanga limaonekera. Zimene anyamata amapatsirana kucoka lamya ina kupita ina, kapena zobwera ngati uthenga wakuti "dindani apa", palibe amene angakutsimikizireni kuti sizinasinthidwe m'njira. Citsanzo cofala ndi GB WhatsApp ndi zinzake. Zimakopa cifukwa zili ndi mitundu yokongola ndi tina tobisa kuti mwawerenga uthenga, koma sizipangidwa ndi eni ake a WhatsApp, ndipo eni akewo anacenjeza kale kuti amatseka manambala ogwiritsa nchito zimenezi. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlembi wa kopaletivu kapena wa mphakati akatsekeredwa nambala m'nyengo yolembetsa maina, ovutika ndi anthu onse a m'gulu.

Pa nkhani ya ndalama funsoli likula koposa. Amene aloledwa kusunga ndi kutumiza ndalama za anthu, ndi mabungwe obwereketsa odziwika, amalandira cilolezo ku Bank of Zambia. Pulogalamu yolonjeza kuti mukaikamo K200 mudzalandira K1,000 sabata yamawa, makamaka mukabweretsa anzanu atatu, ilibe munda, ilibe sitolo, ilibe mgodi. Phindu la oyamba ndi ndalama za otsiriza, ndipo otsiriza kawirikawiri ndife a kumudzi amene nkhani imatipeza mocedwa.

Kakupempha ciani?

Poika pulogalamu, lamya imafunsa ngati muilola kuona zithunzi, manambala a anzanu, mauthenga kapena malo amene muli. Ambiri timangodinda kuvomera cifukwa mau ake ali m'Cizungu. Apa m'pofunika kudekha. Pulogalamu ya toci ifuniranji manambala a abale anu? Masewera a ana afuniranji kuwerenga mauthenga, m'mene mumafikira za fataleza ndi za ndalama?

Ku Kenya mapulogalamu ena a nkhongole anali kutenga manambala onse a m'lamya, ndipo munthu akacedwa kubweza anali kuimbira apongozi, abusa ndi akulu a kunchito kuti amucititse manyazi. Zinafika poti mu 2022 banki yaikulu ya dzikolo inalamula kuti obwereketsa onse a pa lamya akhale ndi cilolezo, ndipo mu 2023 kampani ya Google inaletsa mapulogalamu a nkhongole a mu Play Store kutenga manambala ndi zithunzi za anthu. Koma zopatsirana pamsika sizidutsa pa cipata cimeneco. Ndipo pamwamba pa zonse, nambala yanu yacinsinsi, ija ya PIN, siperekedwa kwa wina aliyense: kaya wa pabuthi, kaya wokonza malamya, kaya woimba lamya modzicha wa ku kampani.

Kagwira nchito netiweki ikathawa?

Opanga mapulogalamu ambiri amakhala m'mizinda momwe netiweki siduka. Kwathu kuno pali midzi kumene munthu amakwera pa culu kuti uthenga upite. Kafukufuku wa ZICTA wa 2022 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi cabe mwa anayi ndiye anagwiritsapo nchito intaneti m'dziko muno, ndipo kumidzi ciwerengero cinali cotsikirapo. Tikumbukenso cilala ca 2024, cimene pa 29 February mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse: madzi atacepa ku Kariba magetsi anali kuzima maola ambiri, ndipo netiweki nayo inali kuvuta.

Cotero sankhani zopepuka ndi zotha kugwira nchito popanda intaneti. Facebook ili ndi mtundu wopepuka wochedwa Facebook Lite umene sudya bandulo kwambiri. Pa zamalimidwe pali pulogalamu yochedwa Nuru, ya a PlantVillage a ku yunivesite ya Penn State ku America, imene imayang'ana tsamba kudzera pa kamera n'kuthandiza kuzindikira matenda a cinangwa ndi kuononga kwa mbozi za nchemberezandonda, zija zinalowa m'minda ya cimanga m'Zambia kumapeto kwa 2016. Ikaikidwa m'lamya imagwira nchito ngakhale pakati pa munda popanda netiweki. Komabe pulogalamu siidziwa nthaka ya m'dambo mwanu. Imathandiza kuona msanga, koma za mankhwala ndi muyeso wake funsani alangizi. Za mvula, khulupirirani zolengeza za nthambi ya boma yoona zanyengo zimene mawailesi a kwathu monga Breeze FM ndi Radio Maria amaulutsa, kusiyana ndi uthenga wopanda mwini wozungulira m'magulu.

Nanga osangoisiya lamya yamakonoyi?

Alipo akuluakulu ena amene amati mankhwala a zonsezi ndi kubwerera ku kalamya ka mabatani. Ali ndi mfundo, ndipo kwa munthu amene nchito yake ndi kulandira ndalama ndi mauthenga cabe, kalamya kameneko n'kokwana, kamasunganso moto masiku ambiri. Koma tisakane ubwino woonekeratu. Gulu la WhatsApp la kopaletivu lingadziwitse alimi a Sasare mtengo wa soya ku Petauke ogula a m'midzi asanafike ndi masikelo ao. Cithunzi ca ng'ombe yodwala cingafike kwa a zaziweto tsiku lomwelo. Amai ogulitsa nthoci pa mseu waukulu ku Nyimba angapangane ndi ogula a ku Lusaka galimoto isananyamuke. Vuto si lamya. Vuto ndi kuikamo zinthu mosasankha.

Pa zoyenera kucotsa, zoyamba ndi za kubecha mpira ndi njuga. Zimakhala m'lamya imodzimodzi ndi ndalama za cimanga, ndipo mtunda wocoka pa ndalamazo kufika pa kubecha ndi kudinda kuwiri cabe. Lamya ya msungicuma wa banki ya m'mudzi, ya kopaletivu kapena ya mpingo isakhale ndi zimenezi, ndipo isabwerekedwe kwa ana usiku kuti aonere mafilimu.

Udindo uli kwa yani?

Boma linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu mu 2021, ndi malamulo atsopano a milandu ya pa intaneti mu 2025. ZICTA inapereka nambala ya *707# yonenerako manambala otumiza mauthenga acinyengo. Izi n'zabwino, koma lamulo limafika ndalama zitapita kale. Ngati boma laganiza kuti fataleza azidzera pa lamya, liyeneranso kuona kuti mauthenga ake alembedwa m'cilankhulo cimene mlimi wa Cinsenga ndi Cinyanja angamve, ndi kuti nsanja za netiweki zifika kumene alimiwo akhala. Makampani a malamya, amene amapindula pa kutumiza kulikonse, aphunzitse anthu m'midzi momwe, osati pa zikwangwani za m'tauni cabe.

Koma mbali yaikulu ili m'manja mwathu, ndipo tingayambe sabata ino. Onani ngati sim khadi yanu inalembedwa m'dzina lanu ndi citupa canu. Amai ambiri, makamaka amasiye, agwiritsa nchito nambala yolembedwa m'dzina la malemu amuna ao kapena la mwana amene ali kutali, ndipo ikatayika kuibwezeretsa kumavuta pa nthawi imene uthenga wa fataleza ukudikiridwa. Onaninso ngati nambala imene ili m'buku la kopaletivu ndi yomwe muli nayo lero. Pa msonkhano wotsatira wa kopaletivu, wa mphakati kapena wa banki ya m'mudzi, patulani ola limodzi, sankhani wacinyamata wokhulupirika wa m'gulu lanu lomwe, ndipo aliyense atsegule lamya yake pamaso pa anzake. Kalikonse kamene mwini lamya sadziwa nchito yake, kapena kamene sanakatsegule cikololere, kacotsedwe. PIN ikhale mumtima mwa mwini wake.

Safunsa anadya phula. Tisanavomere kuti munthu atiikire kanthu m'lamya, timufunse nchito yake, mwini wake, zimene kapempha, ndi ngati kadzagwira nchito kwathu kuno. Akalephera kuyankha, tibweze lamya yathu m'thumba.