Doko latsopano la Mbamba Bay ndi funso la zipangizo za rada

MBAMBA BAY, Tanzania – Mu Seputembala 2024, Pulezidenti Samia Suluhu Hassan anaika mwala wa maziko a doko latsopano la Mbamba Bay m'boma la Nyasa, moyang'anana ndi Nkhata Bay. Cholinga cha boma n'chakuti katundu wochokera ku doko la Mtwara aziwoloka nyanja kupita ku Malawi ndi Zambia. Koma sitima zikachuluka, nkhani ya chitetezo pamadzi idzakulanso.

Nyanjayi, yomwe Amalawi amaitcha ya Malawi ndipo Atanzania amati Nyasa, imaopsa pa nyengo ya mwera. Mu 1946 sitima ya Vipya inamira ndipo anthu 145 anafa. Masiku ano woyendetsa sitima usiku kapena m'chimvula amadalira rada kuti aone gombe ndi zombo zina.

Rada ya sitima imatumiza mafunde a wailesi a mlingo wa magigahetsi pafupifupi 9.4. Mafunde otere amafooka msanga akamadutsa m'waya wamba, choncho amayendetsedwa m'paipi yachitsulo yotchedwa waveguide. Mtundu wofala wa paipiyi mkati mwake ndi mamilimita 22.86 m'lifupi ndi 10.16 m'msinkhu. Ikapindika kapena kulowa madzi, rada imasiya kuona patali, ndipo yatsopano imaitanitsidwa kunja ndi ndalama zakunja.

Apa ndi pomwe makina osindikiza zinthu a 3D akupereka chiyembekezo. Makinawa amaumba chipangizo poyala ufa wachitsulo kapena pulasitiki pang'onopang'ono mpaka chitatha. Kampani ya SWISSto12 ya ku Switzerland, yomwe inayamba mu 2011, imapanga zipangizo za masetilaiti mwa njira imeneyi. Ku Dar es Salaam, amisiri a STICLab anapangapo makina a 3D ndi kusindikiza nawo maikulosikopu zapulasitiki.

Komabe kusindikiza ndi gawo laling'ono chabe la ntchitoyi. Mphamvu ya mafundewa imayenda pakhungu penipeni pa chitsulo, pakuya kosafika gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Motero paipi yapulasitiki iyenera kukutidwa ndi kopa kapena siliva mkati monse, ndipo yachitsulo iyenera kusalazidwa, chifukwa imatuluka m'makina ili yokhakhala. Pomaliza iyenera kuyesedwa ndi makina okwera mtengo kwambiri. Chipangizo chosayesedwa chikhoza kunamiza woyendetsa sitima kuti kutsogolo kulibe kanthu.

Chotero kugula makina osindikiza n'kuwaika padoko sikungathetse vutoli. Chofunika choyamba ndi malo amodzi oyeserako zipangizo ndi amisiri ophunzitsidwa bwino, mwachitsanzo ku Mbeya University of Science and Technology. Tanzania, Malawi ndi Mozambique, ngakhale awiri oyambawo amatsutsana pa malire a nyanjayi, angathe kugawana mtengo wa malo oterowo, popeza sitima zawo zimakumana ndi mwera womwewo.