Kunenepa Si Ulemerero

M'dera la Mfumu Yaikulu Ngokwe m'boma la Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, mwafala maganizo akuti munthu amene wayamba kupeza bwino asamayendenso pansi. Mnyamata akagulitsa nsomba kapena mpunga napata tindalama, amaitana kabaza wa njinga yamoto ngakhale pa ulendo woti nkhalamba imafika isanatope. Mimba ikatuluka anthu amati, "Bwana zawayendera." Ine ndikuti maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akutikumbira manda.

Thupi linapangidwa kuti lizigwira ntchito. Munthu akamayenda ndawala, kupalasa njinga kapena bwato, minofu yake imagwiritsa ntchito shuga wa m'magazi ndipo mtima umalimba. Akamangokhala, nsima ndi tiyi wotsekemera uja zimasanduka mafuta, kenaka pamabwera matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kufa kwa ziwalo. Kale tinkati amenewa ndi matenda a azungu. Koma kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa.

Mwina wina anena kuti anthu a kwa Ngokwe amalima, amatunga madzi, amasenza nkhuni. Nanga masewero awachitira chiyani? Zoonadi, mayi amene walima mmawa wonse sindikumudzudzula. Iye akusowa mpumulo. Ndikunena za inu ophunzira, amene mawa mudzakhala pampando tsiku lonse m'maofesi a ku Liwonde, Zomba kapena Blantyre. Kodi mwayamba kale bwanji kunyoza khasu? Bwanji mumalipira ndalama kuti muonere ena akusewera mpira wa ku England pa kanema, pamene bwalo la pasukulu lamera tsekera?

Aphunzitsi ena nawonso ali ndi mlandu. Amalanda nthawi ya masewero n'kuikapo masamu, ati pokonzekera mayeso a MSCE. Choipitsitsa, asandutsa kukumba ndi kutchetcha kukhala chilango. Mwana wotere angakonde bwanji thukuta atakula? Chikhalirecho thupi logwira ntchito limagona tulo tabwino, ndipo mutu wopumula ndiwo umagwira maphunziro.

Bungwe la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi mphindi 60 tsiku lililonse, ndipo akuluakulu mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Zimenezi sizifuna ndalama. Yendani popita kusukulu, limani dimba, vinani, sewerani mpira, anyamata ndi atsikana omwe. Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Chizolowezi chimene muchikane lero muli ndi mphamvu, adzakulamulani ndi dokotala mwendo utayamba kale kukokeka.