Pulani Sinafe, Akulu

Akonzi,

Andidabwitsa akulu amene analemba sabata yatha kuti kuyamba ndi pulani popanga mapulogalamu a kompyuta n'kwachikale, akuti masiku ano zonse ndi njira ya Agile basi. Kodi anawerengadi zimene anthu 17 anagwirizana pa za Agile ku Snowbird, ku Utah, mu 2001? Iwowo sanataye pulani ayi. Anangoti kusintha zinthu zikasintha kumaposa kukakamira zolembedwa.

N'zoona kuti FBI inamwaza madola pafupifupi 170 miliyoni pa pulogalamu ya Virtual Case File, yomwe anaisiya mu 2005, ndipo yolowa m'malo mwake, Sentinel, inatheka mu 2012 atasamukira ku Agile. Koma pulogalamu yowulutsa ndege si app yoitanitsira chakudya. Ndondomeko ya mapulogalamu a ndege, DO-178C, imafuna kuti code iliyonse ilumikizidwe ndi chofunikira chimene chinalembedwa ndi kuyesedwa. Akuluwo angakwere ndege imene akatswiri ake akuti zolakwika adzakonza pa gawo lotsatira la ntchito?

Ndiponso ambiri ofuula za Agile amatha miyezi osakumana ndi kasitomala, pamene njirayo imadalira kumuonetsa ntchito pafupipafupi. Amenewo akungobisa ulesi wolemba zofunikira.

Wowerenga wanu,
Zomba